Kachitsulo kanu ka m'nthaka kaja, musakatsuke msanga

Achimwene,

Moni wa masiku ambiri. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kunyumba. Kuno tilipo.

Chithunzi cha kachitsulo kamene makina anu ofufuzira zitsulo anakulozerani m'nthaka ndachiona, ndipo ndachiyang'anitsitsa kangapo. Mwafunsa kuti n'kachiyani. Pa chithunzi chimodzi, kanthuko kali m'manja, dothi lidakali mbuu, dzina silingatuluke. Koma njira yolipezera ilipo ndipo siifuna zida zapatali. Ndiyambe ndi pempho: zija mwanena zoti mukanyike mu viniga usiku wonse kuti kawale, chonde zilekeni. Khungu lobiriwira lomwe lakuta kanthuko si litsiro. Ndi pamwamba penipeni pa chitsulocho pomwe panasandulika pang'onopang'ono m'nthaka, ndipo nthawi zambiri zilembo ndi maluwa ake zimakhala zatsalira m'khungu lomwelo. Viniga, mandimu kapena burashi ya waya zikalichotsa, mutsala ndi kachitsulo kofiira kamabowomabowo kosanena kanthu, ndipo sikabwereranso mwakale.

Musanachite china chilichonse, tsimikizani kuti si chida cha nkhondo. Kanthu kooneka ngati kapaipi kotsekeka mbali zonse, kokhala ndi nsonga ngati chipolopolo, kotuluka timawaya, kapena kokhala ndi kabwalo kosaboola pakati pa tsinde lake, sikogogoda, sikopala, sikoyandikiza kumoto. Mankhwala ophulika satha mphamvu chifukwa cha zaka, ena amafika pokwiya msanga kuposa kale. Choterocho chimasiyidwa pomwepo n'kuitana apolisi. Kanu kaja n'kaphanthiphanthi ndiponso kotseguka kumsana, choncho sindikuda nako nkhawa, koma malo amene atulutsa chimodzi amatulutsanso zina.

Kenako lembani, mutu usanaiwale: malo enieni (foni imapereka manambala a GPS), kuya kwake m'masentimita, mtundu wa dothi, ndi zina zomwe zinatuluka m'dzenje lomwelo kapena pafupi, monga mapale, magalasi, misomali kapena makala. Nthawi zina phale lomwe linali pambali ndilo limanena zaka za chitsulo. Nambala imene makina anaonetsa musaidalire kwambiri. Makinawo amayeza mmene chinthu chikudutsitsira magetsi, ndipo zimenezi zimasintha ndi kukula kwake, kaumbidwe kake ngakhalenso kagonedwe kake m'dothi. N'chifukwa chake mphete ya golide ndi chotsegulira chitini cha chakumwa zimalira mofanana.

Kuchotsa dothi kumafuna kudekha. Kasiyeni kaume kaye tsiku limodzi kapena awiri pamthunzi, kenako sesani ndi mswachi wofewa wouma. Dothi lomatirira m'makona litokoseni ndi chotokosera m'mano cha mtengo, osati singano, chifukwa mtengo ndi wofewa kuposa chitsulo ndipo umathyoka usanakande. Mukaona khungu likuyamba kusupuka, imani pomwepo. Mukapeza kansalu, kachikopa kapena kamtengo kakanirira pachitsulo, musakachotse, chifukwa n'kamene kangaulule ntchito yake.

Tsopano funso loyamba si lakuti n'kachiyani, koma n'kachitsulo ka mtundu wanji. Yandikizani maginito pang'onopang'ono. Akakoka, muli ayironi kapena nikelo. Akakoka mbali imodzi yokha, ndiye kuti pali kamsomali kapena kapini ka ayironi kobisika m'dzimbiri, ndipo malo amenewo muwakumbukire. Akapanda kukoka, yang'anani mtundu wa dzimbiri. Mkuwa ndi zosakaniza zake zimabiriwira kapena kuderako ngati khofi. Mtovu umayera ngati choko ndipo umalemera modabwitsa m'manja. Siliva amada, nthawi zina motuwira. Aluminiyamu ndi wopepuka kwambiri ndipo amadyeka timabowo toyera. Golide amatuluka m'nthaka monga analoweramo. Mukagwira chamtovu sambani m'manja musanadye, ndipo ana asachiseweretse.

Maso amanama, choncho pali muyeso umodzi umene ndikufuna muuchite bwinobwino. Pezani sikelo yaing'ono yowerenga mpaka 0.01 galamu. Yezani kachitsuloko kali kouma, lembani. Ikani kapu ya madzi pasikelo n'kuibwezera pa ziro. Mangani kachitsuloko ndi ulusi wopyapyala, kamizeni konse m'madzi kali lende, osakhudza pansi kapena m'mbali mwa kapu. Nambala imene sikelo ionetse ndiyo kukula kwa malo amene kakutenga, pakuti galamu imodzi ya madzi imadzaza kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse. Gawani kulemera kouma kuja ndi nambala imeneyi. Mwachitsanzo, kakalemera magalamu 9.40 kouma ndipo m'madzi sikelo yaonetsa 1.10, yankho ndi 8.5. Aluminiyamu amapereka 2.7, zinki 7.1, tini 7.3, ayironi 7.9, bulasi (mkuwa wosakaniza ndi zinki) pakati pa 8.4 ndi 8.7, mkuwa weniweni 8.9, siliva 10.5, mtovu 11.3, golide wosasakaniza 19.3. Ndiye 8.5 ija ikuloza bulasi.

Muyeso umenewu umasokonekera m'njira zitatu, ndipo ndi bwino muzidziwiretu. Timathovu ta mpweya tikamatirira pachitsulo, makamaka kumsana kolowa m'kati ngati kwa kanuko, nambala ya m'madzi imakwera ndipo yankho limatsika. Gwedezani ulusi mpaka timathovu tichoke. Dzimbiri lochindikala ndi dothi lotsalira n'zopepuka kuposa chitsulo, nazonso zimatsitsa yankho. Chachitatu ndi kuchepa kwa chinthucho. Kabulasi kolemera magalamu 1.5 kamaonetsa pafupifupi 0.18 m'madzi, ndipo sikelo ikaphonya ndi 0.02 yokha, yankho litha kugwera pa 7.5 kapena pa 9.4, komwe kuli zitsulo zina ndithu. Bwerezani katatu. Mukatha kaumitseni bwino. Ngati maginito anakoka ndipo dzimbiri likusweka, muyeso wa m'madziwu ulekeni, chifukwa madzi amadzutsa dzimbiri la ayironi.

Mtundu wa chitsulo pawokha umadula zaka zambiri. Aluminiyamu anali wosowa ndi wodula mpaka 1886, pamene Charles Hall ndi Paul Héroult, aliyense payekha, anapeza njira yomutulutsira ndi magetsi; kanthu wamba ka aluminiyamu sikangakhale kakale kuposa pamenepo. Chitsulo chosachita dzimbiri cha mipeni ndi masipuni chinayamba ndi Harry Brearley ku Sheffield mu 1913. Kukuta chitsulo ndi siliva pogwiritsa ntchito magetsi kunafala kuchokera mu 1840 ndi kampani ya Elkington ku Birmingham, ndipo zilembo za EPNS zikaoneka, dziwani kuti siliva ali pamwamba pokha.

Funso lachiwiri, lomwe ine ndimaliona lokoma kuposa onse, ndi lakuti kanapangidwa bwanji. Zimitsani magetsi, gonekani kanthuko patebulo, ndipo muunike ndi tochi kuchokera m'mbali, kuwala kukhale ngati kukukwawa pamwamba pake. Timizere tosaoneka masana timatulutsa mithunzi. Zungulitsani tochiyo mbali zonse zinayi mukuyang'ana ndi galasi lokuza kakhumi. Kamzere kotukuka kozungulira m'mphepete monse ndi pokumana mbali ziwiri za chikombole, kutanthauza kuti chitsulo chinasungunulidwa n'kuthiridwa. Timikwasa ta tupa tosalingana, tolowera uku ndi uku, ndi dzanja la mmisiri. Timabwalo tosalala tozungulirana kuchokera pakati ndi ta makina ozungulitsa chitsulo. Kachitsulo kopyapyala mofanana ponseponse, komwe maluwa otukuka kumaso akuoneka olowa kumsana, kanadindidwa ndi makina, ndipo zoterezi zinachuluka kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Bowo lozungulira bwino la m'mbali mowongoka ndi la chobowolera. Bowo lokhala ndi milomo yotukuka mbali imodzi linakhomedwa. Mukapeza mazinga a sikuluwu olingana bwinobwino, ganizani za nyengo ya mafakitale: Joseph Whitworth anakhazikitsa muyeso umodzi wa mazinga mu 1841. Mutu wa sikuluwu wa mtanda unafala kuyambira m'ma 1930 kubwera kuno.

Mukafika apa, funsani kuti kankagwira pati. Zinthu zambiri zotuluka m'nthaka si zathunthu, ndi zidutswa za chinthu chachikulu, ndipo chinsinsi chimakhala kumsana ndi pothyoka, osati kumaso kokongola. Kakhutu kamodzi pakati pa msana, kapena kachitsa pomwe kanathyoka, ndi batani. Timinga tiwiri topindika kapena timisomali tifupitifupi ndi chokongoletsa chokhomedwa pa lamba kapena pa zikopa za kavalo, ndipo mpata wa pakati pa mutu wa kamsomali ndi chitsulo ukuuzani kuchindikala kwa chikopacho. Timakhutu tiwiri toyandikana mbali imodzi ndi kokowe mbali inayo ndi chomangira chovala cha pini. Kamtovu kozungulira ngati mpira, kokhala ndi kachitsa kodulidwa ndi kamzere ka chikombole, ndi chipolopolo cha mfuti zakale zothira onga kukamwa. Kamtovu kaphanthi ka bowo pakati kangakhale kolemetsa kamtengo kopotera ulusi kapena kolemetsa ukonde. Timbale tiwiri ta mtovu topanikizidwa pamodzi, tili ndi zilembo, ndi chidindo cha nsalu kapena cha thumba la katundu. Yang'ananinso pomwe papereseka: bowo lomwe latalika mbali imodzi linkalendewera pa chingwe nthawi yaitali.

Pa chithunzi chanu ndikuona chotupa pakati pa msana, pansi pa dothi. Maganizo anga akupendekera ku batani kapena chokongoletsa lamba, ndipo chotupa chimenecho ndicho chidzagamule. Chikakhala chitsa chimodzi chokhala ndi banga lotuwa la chomatira chitsulo, ndi batani. Zikakhala ziwiri, ndi lamba.

Zilembo zikaoneka, zijambuleni ndi kuwala kwa m'mbali komwe kuja, osazipala kuti zioneke bwino. Manambala ena ali ndi tanthauzo lokhazikika: 925 ndi siliva wabwino, 375 ndi golide wa makarati 9 (karati ndi muyeso wa kuchuluka kwa golide weniweni m'chinthu), 585 wa makarati 14, 750 wa makarati 18. Opanga mabatani ambiri a m'ma 1800 ankadinda dzina ndi mzinda wawo kumsana, ndipo ngakhale zilembo zitatu zokha zikhoza kukufikitsani pa wopangayo.

Posunga, mdani ndi chinyezi. Kaikeni kali kouma m'kathumba kakekake ka pulasitiki kobowoledwa timabowo, kathumbako m'bokosi lotseka bwino lokhala ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo pepala la malo ndi tsiku likhale nako. Musapake mafuta ophikira, amadetsa khungu ndipo akatswiri amavutika kuwachotsa. Pa mkuwa, khungu losalala lolimba ndi labwino. Koma mukaona ufa wobiriwira motuwa ukufufuma m'timabowo, n'kubweranso mutaupukuta, umenewo ndi mchere wa m'nthaka ukudya chitsulo m'kati. Kapatuleni kwa zinzake, kaumitseni ndithu, ndipo kaonedwe ndi wodziwa kusamala zinthu zakale. Chamtovu musachisunge m'bokosi la matabwa kapena la katoni, chifukwa nthunzi ya asidi yochokera mmenemo imachisandutsa ufa.

Za malamulo musazitenge mopepuka. Dziko lililonse lili ndi ake: kwina zinthu zakale zonse za m'nthaka n'zaboma, kwina kufufuza kumene kumafuna chilolezo, ndipo kulikonse mwini munda ayenera kudziwa. Mwachitsanzo, ku England ndi Wales lamulo la 1996 limati chinthu cha zaka zoposa 300 chokhala ndi golide kapena siliva wosachepera magawo 10 pa 100 chinenedwe pasanathe masiku 14. Funsani za kwanuko ku nyumba yosungira zinthu zakale yomwe muli nayo pafupi, ndipo mupite nako kanthuko kali ndi khungu lake. Iwo ali ndi zinzake zoyerekezera, ena alinso ndi makina a XRF owerenga zitsulo zosakanizidwa popanda kukanda.

Pakali pano nditumizireni zithunzi zinayi, kumaso, kumsana, m'mbali ndi pothyoka, kanthuko kali papepala loyera, rula ili pambali, kuwala kukuchokera mbali imodzi. Muonjezere kulemera kwake, m'lifupi ndi kuchindikala kwake m'mamilimita, zomwe maginito achita, ndi yankho la muyeso wa m'madzi uja. Chithunzi cha kumsana chikhale chapafupi kwambiri.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzanu wa kalekale.