Kusungira mlezi malipiro ndi kumuthamangitsa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi amayi anzanga a pa boma pano amene timangodandaula kuti masiku ano mlezi wokhulupirika sapezeka. Ine ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulaimale, ndipo m'zaka zisanu ana anga aleredwa ndi anthu atatu. Ndikaganiza bwino, awiri oyambawo ndidawathamangitsa ndekha.

Woyamba ndidakamutenga kwathu kwa Wimbe, mwana wa asuweni anga. Za ndalama sitidakambirane, poti ndi wachibale. Mwezi ukatha ndinkangoti, "Ndikukusungira, udzatenga pa Khirisimasi." Disembala itakwana ndidachotsera zitenje ziwiri, nsapato za pa kaunjika ndi mbale imene adaswa, n'kumupatsa zotsalazo. Adalandira ndi manja awiri atagwada, nanyamuka, osabwereranso. Pambuyo pake ndidamva kuti ali pa esiteti ina cha ku Mtunthama. Munthu kusankha kusoka fodya m'chigafa kusiyana ndi kukhala m'nyumba yamagetsi! Manyazi adandigwira.

Wachiwiri tidayambana chifukwa cha adivansi. Lero ya sopo, mawa ya mayunitsi, mwezi ukamatha palibe cholandira, aliyense ali ndi masamu akeake m'mutu.

Amene ndili nawo panowa ndi mayi wamkulu wa kwa Chamama, ndidawapeza kudzera mwa amayi a Mvano. Ndidaona chiphaso chawo cha unzika, ndidakumana ndi mlongo wawo, ndipo ndikudziwa mudzi ndi mfumu yawo. Koma chimene chatisunga zaka ziwiri ndi kope la masamba 40 limene limakhala pamwamba pa kabati. Tsiku loyamba tidalembamo ndalama yake, tsiku lolandira ndi ntchito zake, tonse n'kusaina. Pa 28 ndimatumiza pa Mpamba kuti uthenga wa pafoni ukhale mboni, ngakhale malipiro anga atachedwa. Kuchedwako ndi vuto langa, osati lawo. Adivansi ndi kamodzi pamwezi, yosapitirira theka, kupatula pa maliro kapena matenda. Nsima, sopo ndi pogona sindichotsera. Chitenje ndikapereka ndapereka.

Malire ali mbali zonse. Ntchito yawo ndi ana, kuphika ndi kuchapa za ana. Ndikafuna kuti akandithandize kupalira kumunda, ameneyo ndi ganyu, timagwirizana pamtengo pake. Iwonso adadziwa kuti alendo awo sagona pakhomo pano ndisadauzidwe, ndipo mwana sapita naye kumsika. Lamlungu ndi lawo. Apongozi anga amati ndikuwalekerera, koma lamulo la zantchito la 2000 limati wantchito azipuma tsiku limodzi pa sabata.  Inu amene mumakatenga kamtsikana ka Sitandade 5 kumudzi, n'kunamiza makolo ake kuti kakaphunzira m'tauni, mukudziwa chimene mukuchita.

Pa ndalama penipenipo tisanamizane. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, shuga adakwera kwa tonse, wolemba ndi wolembedwa yemwe. Mu 2024 boma lidakweza malipiro otsikitsitsa a antchito a m'nyumba kuchoka pa K38,000 kufika pa K52,000 pamwezi, koma m'dera lathu lino ndinkamvabe amayi akunyadira kuti awo amawapatsa K20,000 chifukwa "amadya konkuno". Kenako amadabwa mkaka wa mwana ukamatha msanga.

Pempho langa lipite ku ofesi ya zantchito ya kuno ku Kasungu: matani chikalata cha malipiro atsopano m'Chichewa pa msika ndi pa depoti, pamene atsikanawa amatsikira akamachokera kumudzi.

Mayi wa ana awiri,
Chankhanga, Kasungu