Buscopan si wongomwa chisawawa

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za m'mene anthu tikumwera Buscopan masiku ano, m'mimba mukangopota basi kuthamangira ku famase kapena kwa ma venda mumsika osafunsa n'komwe. Mankhwala amenewa, dzina lake lenileni hyoscine, amatseka mitsempha imene imayendetsa matumbo, malovu ndi chikhodzodzo, nde n'chifukwa chake kupota kumaleka koma mkamwa mumauma, mtima umathamanga, maso kuona mwachimbuuzi, ena mpaka chimbudzi chimavuta.

Pamene pakundiopsa ine ndi pa azigogo athu aamuna amene prostate (kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo) inatupa, akamwa zimenezi mkodzo utha kutsekeka kotheratu mpaka kukawaika paipi kuchipatala, komanso odwala maso matenda a glaucoma sayenera kumwa dokotala asanawaone. Ndiye ena akuphatikizanso ndi Piriton kapena amitriptyline (mankhwala a matenda a nkhawa), osadziwa kuti nawonso amaumitsa thupi chimodzimodzi, munthu wachikulire amatha kusokonekera mutu, ife n'kumati amulodza.

Sindikuti ndi oipa ayi, mnzake atropine ndi amene amapulumutsa anthu omwe amwa Temik. Koma a PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno, chonde tayendani m'misikamu, mapilitsiwa akugulitsidwa padzuwa ndi anthu oti sangakuuze ngakhale mlingo wake.

Wodandaula,
Ndirande, Blantyre