Kalata kwa mwana wanga: mankhwala ochotsa ayironi ndi impso za mdzukulu wanga

Wokondedwa mwana wanga,

Ndamva kuti madokotala ayamba kumupatsa mdzukulu wanga deferasirox, mankhwala ochotsa ayironi wochuluka m'thupi, ndiponso kuti mtima wako suli m'malo chifukwa unauzidwa kuti mankhwalawa amatha kuvulaza impso. Zimenezo ndi zoona, komabe ndikukupempha kuti usamuleketse mankhwalawo pawekha chifukwa cha mantha.

Mwana wodwala sickle cell (matenda a magazi obadwa nawo) ngati mdzukulu wangayu akamaikidwa magazi pafupipafupi, paketi iliyonse imamusiyira ayironi wokwana mamiligalamu pafupifupi 200, pomwe thupi limataya miligalamu 1 kapena 2 basi patsiku. Wotsalayo amaunjikana m'chiwindi ndi mumtima mwakachetechete, ndipo kuwonongeka kwake kumadzaonekera zaka zitadutsa, zinthu zitavuta kale.

Pamene pagona nkhawa yanga ndi pa madzi a m'thupi. Matendawa paokha amafooketsa impso, moti zimalephera kusunga madzi, n'chifukwa chake ana otere amakodza kawirikawiri, ena mpaka kumakodzera pogona atakula kale, ndipo si mlandu wawo ayi. Tsono mwana wotero akatsekula m'mimba, akasanza kapena akatentha thupi, madzi amamuthera msanga, ndipo imeneyo ndiyo nthawi imene deferasirox amapweteka impso kwambiri. Ukaona milomo yake yauma, maso alowa m'kati, mkodzo wachepa, umumwetse madzi pang'onopang'ono ndipo ulankhule ndi dokotala tsiku lomwelo usanamupatse piritsi lina, pakuti nthawi zambiri amalamula kuti mankhwala ayambe aima kufikira mwanayo atachira. Akamamva ululu, usathamangire ibuprofen kapena diclofenac usanafunse, chifukwa nawonso amalemetsa impso.

Za kuyezetsa usazengereze. Magazi ayesedwe creatinine (chinthu chimene chimakwera m'magazi impso zikamafooka) sabata iliyonse m'mwezi woyamba, kenaka mwezi ndi mwezi, ndipo mkodzo uyesedwe ngati muli mapuloteni. Pa odwala atatu aliwonse, pafupifupi mmodzi creatinine wake amakwera pang'ono, ndipo kawirikawiri amatsika akachepetsa mlingo wa mankhwala. Uzilemba zotsatira zonse m'kabuku kamodzi, chifukwa kwa odwala sickle cell nambalayi imatha kuoneka yabwino impso zitayamba kale kutopa, ndiye dokotala ayenera kuona mmene ikusinthira. Ufunsenso za ferritin, muyeso wa ayironi wosungidwa m'thupi, poti akatsika kufika pansi pa 500 mankhwala amaimitsidwa.

Impso zikakana, pali deferoxamine wobaya pansi pa khungu ndi deferiprone wakumwa, ndipo dokotala ndiye adzasankhe woyenera. Undidziwitse zotsatira za mwezi uno zikangotuluka, ndipo umupatse moni mdzukulu wangayo.

Ndine mayi ako okukonda.