Kalata yotseguka kwa Nduna ya za Madzi ya South Africa: musaiwale chipale cha m'mapiri a Lesotho

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mmodzi wa Amalawi ambiri amene tikukhala ndi kugwira ntchito ku Gauteng kuno, ndipo timamwa madzi a m'mipopi yomweyo imene eni dziko amamwa. Ndalemba kalatayi chifukwa cha kumene madziwo amachokera. Nthawi zonse tikamva za madzi pa wailesi, nkhani imakhala ya madamu: Vaal Dam yadzaza bwanji, Katse yatsika bwanji. Zimenezi n'zofunika ndithu. Koma damu limangosunga zimene phiri lapereka, ndipo kumtunda kwa mapiri a Maloti ku Lesotho zinthu zikusintha mofulumira kuposa mmene mapulani athu akusinthira.

Inu mukuidziwa bwino njira ya madziwa, koma anzanga ambiri amene awerenge kalatayi sakuidziwa. Mu Okutobala 1986 South Africa ndi Lesotho anasainirana pangano la Lesotho Highlands Water Project. Kuchokera pamenepo kunamangidwa damu la Katse pa mtsinje wa Malibamat'so, khoma lake lotalika mamita 185, kenako damu la Mohale pa mtsinje wa Senqunyane. Madzi amadutsa m'ngalande zobooledwa pansi pa mapiri, n'kuyamba apukusa makina a magetsi ku 'Muela, kenako n'kutulukira mu mtsinje wa Ash pafupi ndi tauni ya Clarens ku Free State, mpaka kukafika ku Vaal Dam. Kuyambira mu 1998 madziwa akhala akubwera, ndipo pano ndi makyubiki mita pafupifupi 780 miliyoni pachaka. Munthu akatsegula mpopi ku Soweto, ku Tembisa kapena ku Pretoria, mbali ina ya madzi amenewo inagwa pa mapiri a dziko lina, pamalo okwera mamita oposa 3,000.

Tinene zoona, a Nduna: madzi ambiri a ku Lesotho amachokera ku mvula ya pakati pa Okutobala ndi Malichi. Chipale chofewa cha kumeneko sichiunjikana n'kukhala miyezi yambirimbiri ngati cha ku mapiri a Alps. Kufunika kwake kuli pa nthawi imene chimabwera. Chimagwa m'miyezi yozizira, pamene mvula yasowa, ndipo m'malo otsetsereka oyang'ana kummwera, kumene dzuwa silifika kwenikweni, chimatha kukhala masabata angapo. Chikamasungunuka pang'onopang'ono, madzi ake sathamanga pamwamba pa nthaka ngati a mvula yamkuntho. Amalowa pansi, m'madambo a pamwamba pa mapiri amene Abasotho amawatchula kuti mekhoabo, ndipo madambowo ndiwo amatulutsa madzi pang'onopang'ono m'timitsinje mu Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala, mvula isanayambe. Aliyense amene anakulira kwathu ku Malawi amadziwa kuti dimba la m'chilimwe limadalira dambo limene linamwa bwino m'dzinja. Kumtunda kwa Senqu, mtsinje waukulu wa ku Lesotho, nakonso zili choncho, kungoti amene akudalira damboli ndi anthu mamiliyoni ambiri.

Tsono kutentha kukakwera ngakhale pang'ono, chimene chikanagwa ngati chipale chimagwa ngati mvula, ndipo chipale chimene chagwa chimasungunuka m'masiku ochepa. Mphepo youma ndi dzuwa zimatenga mbali ina ya madziwo asanalowe n'komwe m'nthaka. Udzu umene chipale chinkaufunditsa umakhala pambalambanda, chisanu n'kumaswa nthaka usiku uliwonse. Akatswiri a zanyengo akhala akunena kuti chigawo chapakati cha kummwera kwa Africa chikutentha mofulumira kuposa mmene dziko lonse lapansi likutenthera. Choncho vutoli lafika kale pakhomo pathu.

Ndikudziwa zimene ena anganene. Mu Seputembala 2024 chipale chinagwa chambiri mpaka magalimoto anagona pa msewu wa N3 chakufupi ndi Van Reenen's Pass, anthu n'kuvutika usiku wonse. Ambiri anati, “Si ichi chipalecho, nanga chasowa pati?” Koma chipale chogwa mwadzidzidzi kumapeto kwa nyengo yozizira, n'kusungunuka dzuwa likangotuluka, sichigwira ntchito yofanana ndi chimene chimabwera kangapo m'nyengo yake n'kukhalitsa. Chofunika ndi kuchuluka kwa madzi amene alowa m'nthaka, ndipo zimenezi sizioneka pa zithunzi za pa Facebook.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti madambo amenewa avulala kale. Nkhosa, mbuzi ndi ng'ombe zimadya ndi kuponda malo omwewo chaka ndi chaka, zigwembe n'kumang'ambika pakati pa dambo, madzi n'kumatsika msanga atanyamula dothi. Sindikuloza chala abusa a ziweto a ku Mokhotlong kapena ku Thaba-Tseka. Ubweya wa nkhosa ndi wa mbuzi ndiwo chuma chawo, ndipo anyamata amene amagona kumapiri m'chisanu choopsacho sakuchita zimenezi posangalala. Koma dambo lovulala likakumana ndi nyengo yotentha komanso chipale chosakhalitsa, limauma kawiri. Tinaziona kale zizindikiro: chilala cha 2015 ndi 2016 chinachititsa boma la Lesotho kulengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo chakumapeto kwa 2019 madzi a mu Katse anatsika kufika pansi pa 20 pa 100 alionse.

Pano chiyembekezo chonse chili pa damu la Polihali, limene likumangidwa pafupi ndi pamene mtsinje wa Khubelu umakumana ndi wa Senqu. Likadzatha, madzi obwera kuno akuyembekezeka kukwera kufika pa makyubiki mita pafupifupi 1,270 miliyoni pachaka. Ntchitoyi yachedwa ndi zaka zambiri, ndipo tonse tikufuna ithe. Funso langa ndi ili: chiwerengero chimenechi chikudalira nyengo iti? Ngati chikudalira mmene mitsinje inkayendera zaka makumi angapo zapitazo, ndiye kuti tikulonjeza anthu madzi amene phiri silingathe kupereka chaka chilichonse. Pamene ngalande zinatsekedwa kuti zikonzedwe kuyambira mu Okutobala 2024, Vaal Dam inatsika kwambiri, ndipo chimene chinatipulumutsa ndi mvula yambiri ya kumayambiriro kwa 2025. Boma silingamange mapulani pa mwayi wotere.

Pempho langa lalikulu ndi lakuti unduna wanu, pamodzi ndi boma la Lesotho, uike ndalama zenizeni kumtunda kwa madamu. Malo oyezera nyengo m'mapiri amenewa ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi kukula kwa chuma chimene chikudalira madzi ake. Pakufunika zipangizo zoyeza chipale, chinyezi cha m'nthaka ndi madzi a m'timitsinje chaka chonse, ndipo zotsatira zake zizilengezedwa poyera monga mmene mumalengezera kuchuluka kwa madzi m'madamu. Njira zogwirira ntchito limodzi zilipo kale: bungwe la ORASECOM limasonkhanitsa Botswana, Lesotho, Namibia ndi South Africa pa nkhani za mtsinje wa Orange-Senqu, ndipo pologalamu ya ku Lesotho yotchedwa ReNOKA yayamba kale kukonza malo owonongeka pamodzi ndi mafumu ndi anthu a m'midzi. Ife a kumunsi kuno, amene tikupindula kwambiri, tiyenera kusenza nawo mtengo wake. M'busa amene wavomera kuchotsa ziweto zake pa dambo kwa nyengo ziwiri kapena zitatu wataya kanthu, ndipo n'koyenera kuti alipidwe.

Za mapaipi odontha sindichulutsa mawu. Lipoti la unduna wanu womwe la No Drop la 2023 linasonyeza kuti pafupifupi 47 pa 100 alionse a madzi a m'matauni sabweretsa ndalama, ndipo ambiri mwa amenewo amangotayika m'njira. N'zopweteka kupempha m'busa wa ku Lesotho kuti adzimane pamene madzi ake akuyenderera m'misewu ya kuno.

Madzi akasiya kutuluka, amene ali ndi zitsime zawozawo ndi mathanki kuseri kwa nyumba sazimva msanga. Oyamba kuvutika ndi mabanja okhala m'tizipinda ta lendi ndi m'zisakasa, kumene mpopi umodzi umatumikira makomo ambiri, eni dziko ndi alendo chimodzimodzi. Ndikupemphani kuti musanatsegule damu la Polihali, mudzatiuze poyera kuchuluka kwa madzi amene tingayembekezere m'chaka cha chilala chopanda chipale, ndi ndalama zimene mwaika pa madambo a ku Maloti.

Ine wanu mwaulemu,
Mmalawi wokhala ku Johannesburg