Alaliki asaiwale za kuuka kwa thupi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene yakhala ikundivutitsa mumtima, yokhudza mmene ife Akhristu timalankhulira za imfa. Pa maliro ambiri alaliki amanena kuti mzimu wa malemu wapita kwa Mulungu, kenaka n'kuthera pomwepo, ngati kuti thupi limene taika m'manda lilibenso tsogolo. Komatu chiphunzitso chimene Mpingo unalandira kwa atumwi n'chakuti akufa adzauka ndi matupi awo, ndipo Chikhulupiriro cha ku Nicaea (mawu achidule onena zimene Akhristu amakhulupirira), monga chinakonzedwanso ku Constantinople m'chaka cha 381, chimamaliza ndi mawu oyembekezera kuuka kwa akufa ndi moyo wa nthawi imene ikudza.

Pa 1 Akorinto 15 mtumwi Paulo sanazungulire ayi. Iye anati ngati Khristu sanauke, ulaliki ndi wachabe ndipo chikhulupiriro chathu n'chopanda pake. Anatchulanso mboni zimene zinamuona atauka, monga Kefa (ndiye Petro) ndi abale oposa 500 pa nthawi imodzi, ndipo anayerekeza thupi ndi mbewu imene imayamba yafa m'nthaka isanamere ndi maonekedwe atsopano. Fanizo limeneli limandigwira mtima kwambiri, chifukwa silibisa kuti manda ndi enieni, koma silikuwapatsanso mphamvu yotisunga mpaka kalekale.

Sindikunena kuti anamfedwa asalire, pakuti Yesu mwini analira pamanda a Lazaro asanamuukitse. Pempho langa kwa abusa ndi ansembe n'lakuti akaimirira pambali pa bokosi, aziwauza olirawo momveka bwino kuti wagonayo adzadzuka pa tsiku limene Ambuye adzabwerenso.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala ino