Kalata kwa Nduna ya za Chitetezo cha M'dziko: Ofuna unzika azilumbira poyera

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kuchokera ku Zomba, komwe lidabadwira lamulo la unzika lomwe mukugwiritsa ntchito lero. Mu 1966, pamene aphungu ankalikambirana, Nyumba ya Malamulo inali kuno, m'tsinde mwa phiri. Likulu lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, aphungu nawo adalondola pambuyo pake, koma lamulolo lidakalipo, ndipo cholembera chomwe chimasandutsa mlendo kukhala Mmalawi chili m'manja mwanu.

Zomwe lamulolo limafuna kwa wopempha unzika sindikutsutsana nazo. Akhale atakhala m'dziko muno zaka 7, akhale wamakhalidwe abwino, adziwe chinenero chimodzi cha kuno kapena Chingerezi, ndipo alumbire kuti adzakhala wokhulupirika ku Malawi. N'zomveka. Ngakhale kusintha kwa mu 2018, komwe kudalola munthu kukhala nzika ya mayiko awiri, ndidakulandira, chifukwa ana athu ambiri ali ku Johannesburg ndi ku London.

Chomwe chimandisowetsa tulo n'chakuti zonsezi zimathera m'chipinda. Mafomu amalowa, maofesala a Immigration amafufuza, fayilo imakwera mpaka pa desiki yanu, inu mumasayina kapena kukana. Lamulo la 1966 likuti simukakamizidwa kupereka chifukwa. Koma gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino, omwe adabwera mu 1994, likuti munthu ali ndi ufulu wouzidwa zifukwa, zolembedwa papepala, boma likagamula zomukhudza. Awiriwa sangakhale pampando umodzi, ndipo tonse tikudziwa wamkulu ndani.

Za m'chipinda tidaona kale komwe zimathera. Mu 2020 khothi lalikulu lidapeza a Uladi Mussa, omwe adakhalapo pampando wanuwo, olakwa pa mlandu wogwiritsa ntchito udindo molakwika popereka unzika ndi mapasipoti kwa anthu akunja. Iwo adakalowa kundende, koma fungo lidatsala kwa anthu ena. Pitani mumsika wa Zomba kapena pa Chinamwali mukamve. Munthu aliyense wa golosale amene Chichewa chake chimapindika pang'ono, anthu amangoti "Mburundi uja, chiphaso adachita kugula." Amene adadikira zaka zake zonse mwachilungamo ndi amene adalowera pawindo amadyera mbale imodzi yamanyazi, chifukwa palibe adaona pamene wachilungamoyo ankalandiridwa.

Kumudzi sitichita choncho. Mlendo akafuna malo amayamba kwa nyakwawa, nkhani n'kufika kwa mfumu. Mfumu siyimupatsa munda usiku. Imaitana anthu pabwalo, n'kunena kuti uyu kuyambira lero ndi mwana wathu, pamaliro muzimuuza, pachitukuko muzimuitana. Wina akakhala ndi chomudandaulira amanenera pomwepo. Zikatha apo, woyambitsa zoti "obwera" ndiye amaoneka wopanda nzeru, poti mudzi wonse udali mboni.

Ndipo kuno ku Zomba nkhaniyi si ya eni magolosale okha. Tsidya la nyanja ya Chilwa ndi Mozambique. Pa nthawi ya nkhondo ya kumeneko, yomwe idatha mu 1992, dziko lino lidasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi. Ambiri adabwerera, ena adakwatira kuno n'kukhazikika. Kukocheza mabwato kwa Kachulu mukapeza madala otere: amapha matemba, amalankhula Chilomwe ndi Chichewa, adzukulu awo ali pasukulu ya boma. Kalembera wa ziphaso za unzika wa mu 2017 ndiye adawakumbutsa kuti papepala akadali alendo. Mkulu wotere, wosadziwa n'komwe kuti pali njira yopemphera unzika, mukuganiza angakwere minibasi kupita ku Blantyre kukafunsa fomu? Amangokhala chete, kuopa kudziputira mavuto. (Tisaiwalenso kuti makolo a Alomwe ambiri a m'boma lino adachokera tsidya lomwelo, kungoti iwo adafika kusanabwere zamafomu.)

Pempho langa ndi ili. Maofesala anu azibwera m'maboma pa masiku odziwika, kudzakhala kwa DC, kulandira mafomu ndi kufotokoza m'chinenero chathu zomwe zimafunika ndi ndalama zake, zolembedwa pakhoma kuti pasakhale wonong'oneza mtengo wina kuseri. Wokanidwa azilandira kalata yonena chomwe chaperewera, akakonze kapena akadandaule kukhothi.

Koma chachikulu ndi lumbiro. Lichitike poyera, kamodzi pachaka, ndipo ine ndikadasankha pa 6 July. Majisitireti alumbiritse, DC apereke setifiketi m'manja, mafumu athu monga a Mwambo, a Kuntumanji ndi a Chikowi akhale pamenepo, dzina la munthu aliyense liwerengedwe mokweza pamodzi ndi mudzi womwe akukhala. Alumbire m'Chichewa kapena m'Chiyao ngati ndicho amamva, kuti adziwe chomwe akulonjeza. Ofesala amene akudziwa kuti dzina lomwe wavomereza lidzatchulidwa pamaso pa anthu a m'mudzimo adzaganiza kawiri asanalandire envelopu, chifukwa padzapezeka mayi wina woti, "Ameneyu zaka 7 zake adakhalira kuti? Ife tamuona chaka chatha."

Mudzauzidwa kuti palibe ndalama. Holo ya khonsolo ilipo kale, majisitireti amalandira kale malipiro, nyimbo ya fuko timayidziwa pamtima. Yambirani kuno ku Zomba, a Nduna. Mipando ikachepa tidzabwereka kutchalitchi ndi kumzikiti.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Matawale, Zomba