Usananyamuke, konza mabuleki a njinga ija

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza kuti ulendo wanu wa m'mapiri wayandikira, komanso kuti njinga unagula kwa mnzako uja sunaikonze ngakhale pang'ono. Mtima wanga sunakhale m'malo chimvereni zimenezi. Mnzakoyo ndi wa manja akuluakulu, pamene iwe unatengera zala zazifupi za mayi ako. Maleva a mabuleki anawaika kutali moyenera dzanja lake, iwe n'kumangotambasula zala osadandaula, monga mwa khalidwe lako. Pamalo athyathyathya sungaone vuto. Koma pamtsetse wautali dzanja limatopa, ndipo kuti ufikire buleki umayamba kumasula chiwongolero. Mantha anga ali pamenepo.

Khala panjinga, gwira chiwongolero, tambasula chala chamkombaphala. Mfundo yake yakunsonga igwere pomwe leva yakhotera kumapeto. Mabuleki a oyilo ndi amphamvu, chala chimodzi chimakwanira, zinazo zisachoke pachiwongolero. Ngati chala chikugwera pakati pa leva, masula bawuti yomanga, usunthe leva yonse kulowera mkati. Ipendeketsenso kuti mkono, dzanja ndi chala zikhale pamzere umodzi, dzanja lisapindike. Pomanga bawutiyo usachite kuipha. Ukagwa ndi bwino leva itembenuke kusiyana n'kuti ithyoke.

Ukatero funa kasikulu kakang'ono pafupi ndi pomwe leva imazungulira. Pamabuleki ambiri kamafuna Allen key (kachitsulo kopindika komasulira masikulu) ya mamilimita 2, ena ali ndi kachitsulo kopotokola ndi zala. Potokola pang'ono, yesa, potokolanso, mpaka leva ibwere pomwe chala chili. Mbali zonse ziwiri zifanane. Ndipo usapyole muyezo! Ndimakudziwa, ukayamba chinthu sumva za kuleka. Finya ndi mphamvu zako zonse: leva isagunde chiwongolero, isapanenso zala zinazo.

Ndakumbukira kanjinga kako koyamba, zala zisakufika n'komwe pamabuleki, iwe n'kumaima pokhwekhwereza mapazi pansi mpaka nsapato kutha, ukuseka. Nthawi imeneyo ndinkatha kukuthamangira kumbuyo.

Kasikulu kaja kamangosuntha leva, sikachiza buleki yodwala. Ngati leva ili yofewa, ikulowa mpaka pachiwongolero, ndiye kuti m'paipi mwalowa mpweya kapena oyilo akudontha. Pita kwa makaniko akachotse mpweyawo, ndipo aonenso mapadi (tizidutswa timene timapana disiki, chitsulo chozungulira chapawilo) ngati sanadyeke. Mnzako uja asathiremo chilichonse, ndanena. Mabuleki a kampani ya Shimano amafuna oyilo wotchedwa mineral oil, pamene ena amafuna wotchedwa DOT, ndipo ukasakaniza timarabara tamkati timawonongeka. Iye amaona ngati oyilo aliyense ndi oyilo basi. Usafinyenso leva wilo utachotsa, mapadi amatsekana. Disiki usaigwire ndi manja amafuta, ndipo mukatsika phiri imakhala yotentha kwambiri.

Sindikukuletsa kupita, ndiwe wamkulu, ndipo ndimanyadira kuti uli ndi mphamvu zokwera mapiri. Koma usadikire tsiku lonyamuka. Konza lero, uyese pamalo opanda magalimoto, utavala magolovesi omwe udzavale paulendowo, chifukwa nawonso amasintha kagwiridwe. Ukatha, jambula dzanja lako lili paleva unditumizire, ndione ndekha pomwe chalacho chagwera. Ukapanda kutumiza ndiimba foni, ndipo ndiimbanso.

Ndine,
Bambo ako